Manda a Asilikali ku Zomba ndi Amtengatenga a M'chigwa cha Chilwa

Mumzinda wa Zomba muli manda akale a m'tauni, amene m'mabuku amalembedwa kuti Zomba Town Cemetery. Pakati pa ziliza za anthu wamba, zina zazitali zina zogumuka, pali miyala ina yofanana msinkhu ndi kasemedwe komwe. Pamwala uliwonse pali dzina la munthu, udindo wake, chizindikiro cha gulu lake la nkhondo ndi tsiku limene anamwalira. Ambiri mwa ogona pamenepo ndi asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Miyalayi sailambula achibale, pakuti achibalewo ali kutali, ku Britain ndi ku South Africa. Imasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe likulu lake lili ku Maidenhead, ku England. Bungwe lomweli ndi limene limayang'aniranso manda a asilikali ku Mangochi, ku Blantyre ndi ku Karonga.

Za ku Karonga n'zomveka, chifukwa kumeneko mfuti zinaliradi. Koma m'tauni ya Zomba Ajeremani sanapondemo ndi nkhondo ngakhale tsiku limodzi. Nanga asilikaliwa anafa ndi chiyani m'tsinde mwa phiri lozizira bwino chonchi, kutali ndi kumene kunali adani? Wofuna yankho lonse asathere pampanda wa manda. Atsate mtsinje wa Likangala, umene umadutsa m'tauniyi n'kukathira m'Nyanja ya Chilwa, apitirire mpaka kumidzi ya m'chigwa cha Phalombe. Kumeneko n'kumene kunachokera ena mwa anthu amene anasenza nkhondoyi pamutu, ndipo m'mandamu mulibe mwala wa mmodzi wa iwo.

Malinga ndi maperete

Usilikali wa yunifolomu unafika m'dera lino zaka zoposa makumi awiri nkhondo yaikulu isanabuke. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, n'kusankha Zomba kukhala likulu, anaitanitsa asilikali ku India, ambiri a iwo Asikh ovala nduwira, kuti amuthandize kugonjetsa mafumu okana boma lake. Mafumu a Chiyao ozungulira Chilwa sanali ofewa. Kawinga anakhazikika m'mapiri a Chikala, kumpoto kwa nyanjayi, pamene Matipwiri anali cha ku Mulanje, ndipo onse awiri anagonja mu 1895 atalizunguza boma zaka zingapo. Mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi unali njira ya amalonda a akapolo ndi minyanga opita kugombe la Quelimane. Mu 1893 boma linamangapo linga la Fort Lister kuti litseke njirayo.

Lingalo linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi zokha. Lero pangotsala maziko ndi makoma ogumuka, komanso manda a Gilbert Stevenson, mzungu wa boma amene anali wachibale wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Alendo okwera phiri amapatukira pamandapo chifukwa cha dzinalo. Za Amwenye ndi anthu akuda amene ankalondera lingalo usiku ndi usana, palibe chiliza chimene chimakamba. Kalembedwe kotere ka mbiri, ka dzina limodzi pamwala ndi khamu lopanda dzina, kanayamba kale m'boma lathu la Phalombe nkhondo yaikulu isanafike.

Anyamata a m'midzi ya mafumu ogonjawo ndi amene posakhalitsa anadzaza magulu a asilikali a boma. Mu 1902 magulu a m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa anaphatikizidwa kukhala King's African Rifles, imene ambiri amangoti KAR. Batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno, ndipo kwawo kunali ku Zomba. Poyamba munachuluka Ayao ndi Atonga, kenako Angoni ndi Alomwe. Anthu ameneŵa anayenda maulendo amene makolo awo sakanawalota. Mu 1900 anakamenya nkhondo kwa Asante, ku Ghana wa lero. Anapitanso ku Somaliland, kumene mu Epulo 1903, pamalo otchedwa Gumburu, gulu la batalioni yachiwiri linaphedwa pafupifupi lonse. Dzina la Cobbe Barracks ya ku Zomba limachokera kwa Alexander Cobbe, mtsogoleri amene analandira mendulo ya Victoria Cross pankhondo ya ku Somaliland komweko mu 1902.

Mu 1911 boma, pofuna kupulumutsa ndalama, linathetsa batalioni yachiwiri. Asilikali ambiri ochotsedwa ntchito sanabwerere kukagwira khasu. Anawoloka Songwe n'kukalembedwa usilikali kwa Ajeremani, amene ankalipira bwino. Motero nkhondo itayamba, anthu a kuno anapezeka mbali zonse ziwiri, akumva malamulo a azungu awiri odana, mfuti zitalozana.

Nthawi yonseyi Zomba inali kukula ngati tauni ya maofesi ndi ya asilikali. Azungu ankafa ndi malungo, makamaka aja oopsa odetsa mkodzo, ndipo anafunika malo awo oikana. Monga zinalili m'matauni a atsamunda, mzungu ndi munthu wakuda sankagona manda amodzi. Manda a m'tauni anali a mabwana a boma, amalonda, madona ndi ana awo. Nkhondo inawapeza ali kale ndi eni ake, ndipo inangotsatira dongosolo limene inalipeza.

Nkhondo ya Chiwaya

Makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Kuno inayambira panyanja. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli, n'kuiwononga. Pa 9 Sepitembala Ajeremani anaukira Karonga koma anabwezedwa atataya anthu ambiri. Kumanda a nkhondo a ku Karonga kuli Angerezi ndi Ajeremani omwe, adani ogona moyandikana, aliyense ndi dzina lake.

Magazi a ku Karonga ndiwo anachititsa M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Mfundo yake inali yakuti anthu osauka a dziko lino akufera mkangano umene si wawo, akusiya akazi amasiye ndi ana, pamene panthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Chilembwe anaukira boma pa 23 Januwale 1915. Pa 3 Febuluwale anawomberedwa akulowera kumalire a Mozambique, m'boma la Mulanje, limene panthawiyo linkaphatikiza Phalombe yense. Boma linamuika mobisa, popanda chizindikiro, poopa kuti manda ake angasanduke malo osonkhanirapo anthu. Apa pakuoneka kuti atsamunda ankadziwa bwino lomwe mphamvu imene manda ali nayo pakati pa anthu akuda. Tikumbukire zimenezi, chifukwa patapita zaka zochepa anzawo ena anadzanena zosiyana.

Chaka cha 1916 ndicho chinasintha Zomba. Jenerale Edward Northey anapatsidwa ntchito yolowa m'dziko la Ajeremani, Tanzania wa lero, kuchokera kum'mwera. Anabwera ndi magulu a azungu a ku South Africa ndi ku Rhodesia, KAR inakulitsidwa, batalioni yachiwiri n'kudzutsidwanso. Katundu yense wa nkhondoyi ankayenda ulendo wautali zedi. Ankatsika pasitima ya pamadzi ku Chinde, n'kukwera Zambezi mpaka ku Chindio, kumene njanji inali itangofika mu 1915. Sitima ya pamtunda inkamutula ku Limbe. Kuchoka apo ankadutsa ku Zomba pamsewu wopita ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, n'kukwezedwanso m'sitima za panyanja monga Guendolen ndi Chauncy Maples. Zomba inali pakati pa njirayo, ili ndi misasa ya asilikali, malo ophunzitsira olembedwa kumene, ndi chipatala. Odwala ndi ovulala ankabwerera njira yomweyo.

Pankhondo ya kum'mawa kwa Africa matenda anapha anthu ochuluka kuposa zipolopolo. Malungo, kamwazi ndi chibayo zinkagwetsa magulu athunthu, ndipo azungu a ku South Africa ambiri anabwezedwa kwawo ali ofooka chaka cha 1917 chisanathe. Chakumapeto kwa 1918 kunafika chimfine choopsa chija chimene chinazungulira dziko lonse, chikuyenda ndi asilikali obwerera. Umu ndi mmene manda a tauni imene sinamve kulira kwa mzinga anapezera asilikali. Ambiri a iwo sanagwe ndi mfuti m'manja. Anatsirizikira pabedi la chipatala, ndipo chifukwa anafera pamene panali kalaliki ndi kaundula, dzina lawo linasungika.

Osenza nkhondo

Kupitirira pamene msewu ndi nyanja zinathera, galimoto inalibe ntchito. Ng'ombe, mahatchi ndi abulu zinkafa ndi ntchentche za kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Mtengatenga ankasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 25, n'kuyenda naye makilomita 20 kapena kuposerapo patsiku. Komatu iye mwini ankafunika kudya. Tiyerekeze kuti ankadya kilogalamu imodzi ya ufa kapena mpunga patsiku. Paulendo wa masiku khumi kupita ndi masiku khumi kubwerera, ndiye kuti makilogalamu 20 athera m'mimba mwa wosenzayo, asanu okha ndiwo afika kwa msilikali. Njira ikatalikirapo, pankafunika amtengatenga ena osenzera chakudya amtengatenga anzawo. Masamu ankhanza ameneŵa ndiwo anameza amuna a dziko lino. Ndiwonso ankachititsa akuluakulu a nkhondo kuchepetsa phoso la wonyamula zinthu zikathina, popeza iye ndiye anali wosavuta kumumana.

Olemba mbiri amati anthu a Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 analembedwa ntchito ya mtengatenga. Chiwerengero chachiwirichi chiyenera kumvedwa mosamala, chifukwa munthu mmodzi ankatha kutengedwa kawiri kapena katatu n'kuwerengedwa ulendo uliwonse. Ngakhale zili choncho, dziko lonse linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, kuphatikiza amayi, ana ndi nkhalamba. Midzi imene nkhondoyi sinaikhudze inali yowerengeka.

Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama ya msonkho. Mbiri ya mavuto a kumeneko itamveka, odzipereka anatha. Tsono boma linkalamula mfumu iliyonse kupereka amuna akutiakuti, ndipo yolephera inkalangidwa kapena kuchotsedwa. Amesenjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku. Mwamuna akathawira kuthengo, ankagwira mkazi wake mpaka mwini wake adzipereke. Chimanga, mpunga ndi ziweto nazo zinkatengedwa kukadyetsa nkhondo.

M'chigwa cha Chilwa ndi Phalombe mavutowa anapeza anthu ali kale pamoto. Ambiri anali Alomwe ongofika kumene kuchokera kum'mawa, othawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pokhala alendo opanda malo, anakhazikika m'maesiteti a azungu monga a A. L. Bruce ku Magomero ndi ku Likulezi, kumene ankalipira malo ndi thangata. Munthu wotere analibe pothawira. Bwana wa esiteti amamufuna kumunda wa thonje, boma likumufuna kunkhondo, ndipo kubwerera kwawo kunali kubwerera kwa Mpwitikizi. Nyanja nayo sinathandize, pakuti cha mu 1914 ndi 1915 Chilwa anaphwa kwambiri, monga amachitira pakapita zaka, ndipo nsomba zikasowa kumeneko ndiwo ndi ndalama zimasowera limodzi.

Kenako nkhondo inabwera pakhomo. Pa 25 Novembala 1917 mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma n'kulowa m'Mozambique. Chaka chotsatira anatsika mpaka ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane, kumene mu Julayi 1918 analanda zida ndi chakudya chambiri, kenako anatembenukira kumpoto kudzera m'dziko la Alomwe. Pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 panamenyedwa nkhondo yoopsa ku Lioma, kum'mawa kwa Nyanja ya Chilwa, kumene asilikali a KAR a kuno anaimitsa Ajeremani ndi kuwapha ambiri. Miyezi imeneyo katundu wa asilikali a Britain ankalowa m'Mozambique kuchokera mbali ya kuno, ndipo Alomwe ena anasenza mitolo kudutsa m'midzi yomwe iwo kapena makolo awo anaithawa. Otsala kumeneko analandidwa chakudya ndi magulu onse atatu, Ajeremani, Angerezi ndi Apwitikizi, ndipo ambiri anawolokera kuno nkhondo itatha. Von Lettow-Vorbeck sanagwidwe. Anamva za kutha kwa nkhondo ali pamtsinje wa Chambeshi ku Zambia, n'kukatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918.

Mabuku a boma anavomereza kuti amtengatenga a kuno oposa 4,000 anafa. Olemba mbiri ambiri amati chiwerengero chenicheni chinaposa pamenepo kutalitali. Wothawa n'kufera m'tchire sankalembedwa kuti wafa. Womasulidwa akudwala n'kukafera panjira ya kwawo sankawerengedwa. Wogwa pamzere ankakwiriridwa m'mbali mwa njira ngati nthawi inalipo, anzake n'kugawana katundu wake, ulendo n'kupitirira.

Mwala wa ndani

Bungwe losamala manda a nkhondo linakhazikitsidwa mu 1917 ndi khama la Fabian Ware, ndipo mpaka 1960 linkatchedwa Imperial War Graves Commission. Mfundo yake inali yachilendo m'masiku amenewo, ndiponso yabwino: aliyense wofera kunkhondo akumbukiridwe ndi dzina lake, mwala ukhale wofanana, osayang'ana udindo, chuma, mtundu kapena chipembedzo. Jenerale ndi msilikali wamba anapatsidwa mwala umodzimodzi. Mitembo sinaloledwe kutengedwa kupita kwawo, kuopa kuti olemera okha ndi amene angakwanitse. Ku France ndi ku Belgium mfundoyi inatsatidwa ndithu.

Ku Africa inapindika. Mafupa a azungu oikidwa m'tchire anafukulidwa n'kusonkhanitsidwa m'manda osamalika, monga a ku Dar es Salaam, ku Iringa, ku Lumbo ndi ku Pemba. Manda a anthu akuda ambiri, ngakhale ena amene ankadziwika malo ake, anasiyidwa kuti amere tchire. M'malo mwake anaimika zipilala za mkuwa ku Nairobi, ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam, zokhala ndi chifaniziro cha msilikali wakuda koma zopanda dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Zifukwa zimene ankapereka zinali ziwiri: ndalama, ndiponso chikhulupiriro chakuti munthu wakuda sasamala za manda. Mu 1923 bwanamkubwa wa Gold Coast (Ghana wa lero), Gordon Guggisberg, ananena maganizo oti munthu wamba wa kumeneko sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda.

Amene anakulira m'mudzi wa kuno akudziwa kuti maganizo amenewo anali olakwika kuyambira patsinde. N'zoona kuti makolo athu sankasema miyala. Koma manda a kumudzi ndi msitu umene nkhwangwa siilowamo, ngakhale nkhuni zitasowa chotani. M'chigwa cha Phalombe, kumene mitengo yachilengedwe inatha kale m'minda, ukaona kachitsamba ka mitengo ikuluikulu kataima pakati pa chimanga, sufunsa kuti n'chiyani. Munthu salowamo popanda chilolezo cha mfumu. Adzukulu okumba manda amadziwa kuti apa pagona uje, apo pagona mlongo wake, popanda cholembedwa chilichonse. Mzungu woyendera anayang'ana mwala, ataupeza palibe anaganiza kuti chikumbukiro palibenso.

Chimene chinapweteka mabanja sichinali kusowa kwa mwala ayi, koma kusowa kwa mtembo ndi kwa uthenga. Maliro kwathu ali ndi ndondomeko yake. Pali kulira, kuika, kumeta, ndipo pambuyo pake mowa wa chikumbutso, kapena sadaka kwa Asilamu. Kuno kwa chikamwini, mkazi wamasiye amayenera kusudzulidwa ndi akuchimuna kuti akhale womasuka. Nanga munthu amene anatengedwa usiku, osabwerera, popanda wobwera kudzanena kuti ndinamuona akufa, mumamulira liti? Mkazi wake ndi wamasiye kapena ayi? M'madera ena, chiyembekezo chikatha, anthu amaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo kuti mwambo utheke. Anthu a ku Phalombe ululu umenewu sachita kuwerenga m'buku. Napolo wa mu Malichi 1991, wotsika m'phiri la Michesi, anakokolola anthu mazanamazana, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiyanso mabanja ambiri akulira abale amene matupi awo sanapezeke.

Nsanja ya pa Cobbe

Pankhani ya mayina, Zomba ili ndi chinthu chimene Nairobi ndi Dar es Salaam alibe. Wolowa mumzindawu kuchokera ku Blantyre amaona nsanja yaitali ya njerwa zofiira pafupi ndi Cobbe Barracks. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1920 pokumbukira asilikali a KAR, ndipo pamakoma ake pali mayina oposa 1,000 a asilikali akuda amene anafa pankhondo yoyamba. Atsogoleri a KAR ankawadziwa anyamata awo, anagona nawo m'maenje amodzi, ndipo anasunga mndandanda wawo. Pambali pa nsanjayo pali nyumba zimene anamangira asilikali okalamba.

Ngakhale apo, dzina la msilikali wakuda ndi losiyana ndi la mzungu wa m'manda a m'tauni. Ambiri ankalembedwa usilikali ndi dzina limodzi lokha, mmene khutu la mzungu linamvera, ndipo ena ankapereka dzina longodzipatsa pa tsiku lolembedwa. Mdzukulu wofufuza lero angaime pansanjapo n'kuwerenga dzina la agogo ake osalizindikira. Komabe msilikali anali ndi nambala, ndipo nambala imalondoleka. Mtengatenga sanali wa KAR, choncho nsanjayo siyake.

Pankhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, zinthu zinasinthako. Amuna a kuno pafupifupi 30,000 anapita. Anamenya ku Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, mu 1940, ndipo n'kumene kunachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu. Anafika ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar, ndipo mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma. Ulendo uno bungwe la manda linalemba mayina a asilikali akuda, pamiyala yawoyawo kapena pazipilala monga cha ku Rangoon. Galimoto zinali zitachuluka, moti khamu la osenza pamutu ngati la 1917 silinafunikenso.

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la Novembala, atsogoleri a dziko ndi a asilikali amaika nkhata za maluwa pazipilala za ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, lipenga n'kulira, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri. Mwambowu ndi wa asilikali, ndipo ndi woyenera. Kumidzi nkhondo ija inasungidwa mwa njira ina. Beni amene amavinidwa ku Zomba, Machinga ndi Mangochi, ndi mayunifolomu ake, maudindo ake ndi kuguba kwake, ndi perete wa KAR amene anthu anamutenga n'kumusandutsa gule. Malipenga a kumpoto ndi mganda wa pakati nawo anaphuka pamuzu womwewo.

Kufufuza mayina

Mu 2019 phungu wa ku Britain David Lammy anaonetsa filimu pa wailesi yakanema ya Channel 4 yofunsa za manda otayika a anthu akuda, potsatira kafukufuku wa Pulofesa Michèle Barrett. Bungwe la manda linakhazikitsa komiti yapadera, imene inatulutsa lipoti lake mu Epulo 2021. Lipotilo linapeza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000, makamaka Amwenye ndi anthu a ku Africa, anakumbukiridwa mosafanana ndi azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sanalembedwe dzina paliponse kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Linanena poyera kuti tsankho la mtundu linali m'gulu la zifukwa zake. Nduna ya zachitetezo ya Britain ya panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Chiyambire pamenepo bungweli lakhala likusakasaka mayina m'nkhokwe za zikalata, ndipo mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi mayina oposa 1,700 a antchito a nkhondo akuda a ku South Africa.

Kwa ife ntchito yotere ili ndi chopinga chake. Mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka za nkhondo zinapsa. Zimene zinapulumuka, pamodzi ndi mabuku a mabwanamkubwa a maboma ndi a mishoni, zimasungidwa ku National Archives of Malawi, ku Zomba komweko. Mwayi wina unabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene Melvin Page, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anayendera midzi pamodzi ndi ophunzira ake n'kucheza ndi nkhalamba zimene zinamenya nkhondoyo kapena kusenza katundu wake. Zimene nkhalambazo zinafotokoza ndizo maziko a buku lake lotchedwa The Chiwaya War, limene linatuluka mu 2000, ndipo zambiri zimene tikudziwa za kagwidwe ka amtengatenga zinachokera pakamwa pawo.

Banja la ku Migowi, ku Chiringa kapena ku Swang'oma lofuna kulondola kholo lake liyenera kuyamba ndi kusiyanitsa ngati khololo linali msilikali kapena mtengatenga. Ngati linali msilikali, poyambira ndi pansanja ya ku Zomba ndi m'kaundula wa bungwe la manda, amene aliyense angamufufuze pa intaneti ndi dzina kapena nambala. Ngati linali mtengatenga, boma linkalidziwa kudzera mwa nyakwawa yake ndi m'buku la msonkho, choncho chofunika kuchipeza choyamba ndi dzina la mudzi ndi la mfumu imene inkalamulira panthawiyo, ndipo zikalata zake ziyenera kufunidwa pansi pa boma la Mulanje, osati la Phalombe.